Chidindo cha Chala

Msonkhano anauika Lachiwiri m'mawa,
ife tili m'munda wa tiyi, madengu kumsana,
kapitawo akuwerenga makilo.
Pofika kusukulu dzuwa litapendeka
tinapeza zokamba zatha,
mabotolo a zakumwa ali mbwee pansi pa mkuyu.
Chotsala chinali pepala la mayina.
"Mayi, dindani apa." Ndinadinda.
Inki inandikhala pachala masiku atatu.

Pakhoma anali atapachika mapu:
phiri lonse la Mulanje ngati chitenje choyanika,
lopanda chifunga, lopanda miyala yoterera.
Mnyamata wa nsapato zoyera
analoza ndi cholembera pamalo obiriwira:
"Apa ndi pomwe mwagwirizana kuti pabwerere nkhalango."
Ndinasendera pafupi.
Pansi pa utotowo panali nandolo wanga,
chinanazi cha a Mukhito,
kanjira kathu kopita ku Likhubula,
ndi kamtumbira ka mwana wa Feligasi
amene tinamuika chaka cha matope.

Mwagwirizana.
Liwu limenelo ndinapita nalo kunyumba
ngati munga kuchidendene.

Musandiyese mdani wa mitengo.
Fungo la mkungudza ndimalidziwa:
bambo anga ankautsitsa pamutu kuchokera ku Chambe
mpaka khosi linawauma,
phindu lake linakwera malole a kutauni.
Inenso sindikana,
makala ndagulitsapo pa Chitakale mwezi wa njala.
Koma usiku umene phiri linasanza
ndinali pompano, mwana kumsana, mumdima,
miyala ikugubuduka kuseri kwa khitchini.
Ndani angaifune mitengo kuposa ine?

Anadzala okha, mu Malichi, mvula ikutsazika,
mbande za paini pathanthwe
pomwe ngakhale mbuzi imaponda mosamala.
Anajambula zithunzi. Anakhoma chikwangwani.
Pofika Okutobala
chikwangwani chokha ndicho chinali chiimire.

Chaka chino kwabwera wina,
mtsikana wa kwa Nampinga, wolangiza za nkhalango.
Anafika Lamulungu titatuluka m'tchalitchi,
pepala lake loyera, lopanda utoto.
Anati, "Tiyende kaye."

Tinayenda.
Feligasi anamuonetsa kasupe amene anauma
chaka chomwe mbawa yomaliza inagwa.
Ine ndinamuonetsa chigwembe chofuna nsungwi.
A Khoviwa, owotcha makala,
amene kale ankawabisira tsiku la msonkhano,
anagwada pa chitsa cha msuku,
nkupatula udzu ndi manja akudawo:
"Ichi sichinafe. Musadzalepo kanthu, mungochiteteza kumoto."
Mtsikana uja anakhala chete,
kenaka analemba.

Musaganize kuti tinaimba nyimbo.
Tinakangana mpaka mithunzi inatalika.
A Mukhito anati mizere itatu apereka,
wachinayi ayi, ana adya chiyani?
Wina anafunsa: masuku akapsa adzatola ndani?
Wozimitsa moto usiku amulipira ndani?
Nanga mtengo ukakula,
sudzasanduka wa boma, ife tisanduke akuba?
Nanga a esiteti, okhala ndi chigwa chonse,
iwo apereka mizere ingati?

Funso lomalizali analibe nalo yankho.
Sananame. Anangoti, "Ndikalipereka momwe mwalifunsira,"
nkulilemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Kenaka anandipatsa cholembera.
Ine sukulu ndinalekera pa mayeso oyamba,
koma mtsinje ndimaudziwa pokhota.
Ndinaujambula, dzanja likunjenjemera,
ndi kanjira, ndi nandolo,
ndi kamtanda kakang'ono pamene pagona mwana uja.

Akuti abweranso mwezi ukaoneka,
pepala litalembedwa bwino.
Abwere.
Atiwerengere mokweza, m'Chichewa,
ndi m'Chilomwe chomwe, a Khoviwa amve,
mzere ndi mzere, tsiku losathyola tiyi.
Kufikira tsikulo
mbande za mbawa ndikuzithirira kuseri kwa bafa,
koma chala changa
ndachikulunga m'chitenje.